Mbaita Si Mlendo

Telala sanamizidwa. Ena angathe kumuyang'ana mwana n'kunena kuti ali bwino, koma munthu wogwira tepi tsiku ndi tsiku amadziwa thupi likayamba kutha. Ba Audrey, amene amasoka zovala pa msika wa Maramba ku Livingstone, anali atabweza kale kamodzi siketi ya sukulu ya Mbaita. Loweruka lina la mu February anaona siketi ija ikuzunguliranso m'chiuno, zipi ili kutsogolo.

"Bwera kuno, mwana wanga. Imilira bwino, kweza manja."

Mbaita anakweza manja, maso ali pansi. Ba Audrey anamuzunguliza tepi, anawerenga, n'kuyezanso poganiza kuti mwina alakwitsa. Sanalakwitse. Zala ziwiri zathunthu zinali zitapita m'masabata atatu okha.

"Nanga zakudya zimene nikuikira mu chola zimayenda kuti?"

"Nimadya, ba anti."

"Umadya? Dzulo napeza mabanzi onse awiri na soseji yake, osalumako olo pang'ono. Mutu ukali kuwawa?"

"Pang'ono chabe."

Basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwana ameneyu mawu ake anali ochita kuwerenga.

Mbaita anali ndi zaka khumi ndi zitatu, mwana wa ba Lonah, mkulu wawo wa ba Audrey. Anabadwira kumudzi wina wa kuchidikha kufupi ndi Senanga, kumene Zambezi akasefukira anthu amapalasa bwato ngakhale popita ku tchalitchi. Mayeso a giredi 7 anakhoza bwino kwambiri. Koma sekondale kumeneko ili kutali, kutsidya kwa madzi, ndipo atsikana ambiri sukulu imawathera pomwepo. Chaka chimodzi kapena ziwiri, umangomva kuti wakutiwakuti ali pabanja. N'chifukwa chake ba Audrey ndi amuna awo, ba Kufekisa, oyendetsa takisi, anamutenga mu January kuti adzayambe giredi 8 ku Livingstone.

Tsono ba Audrey anali ndi lumbiro lawo. Iwonso anabwera m'tauni muno ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, atatengedwa ndi achibale amene analonjeza sukulu. Sukulu yake inali tsache, mbale ndi matewera a ana a eni. Ankadzuka nkhuku zisanatsike, kudya zotsala, ndipo kalasi anangoiona chaka chimodzi chokha. Bala limenelo silinapole. Tsiku limene Mbaita anatsika basi ndi kachikwama kake, ba Audrey anamugwira mapewa n'kunena pamaso pa amuna awo:

"Muno sunabwere kuzagwira nchito. Tsache usagwire, mbale usagwire. Iwe ni mabuku chabe. Wamva?"

Ndipo lumbiro analisunga, inu! Mbaita akatola mbale, ankalandidwa. Akafuna kuchapa masokosi ake omwe, ankapeza atayanikidwa kale. Ku sukulu, ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi, ba Kufekisa ankamutula pa geti ndi takisi, n'kudzamutenganso masana. Kunja sankatuluka, poti ba Audrey ankaopa ana a m'tauni. Chilozi m'nyumba chinaletsedwa kuti aphunzire msanga Chinyanja ndi Chingelezi. Akaweruka ankakhala pa sofa, TV ikulankhula yokha, iye akuyang'ana pa windo. Pa windopo pankangooneka mpanda wa njerwa wa anzawo oyandikana nawo.

Mwana wa kuchidikha, wozolowera kuona mpaka kumene thambo limakumana ndi udzu, tsopano maso ake ankathera pa mpanda. Ankakumbuka ng'ombe za agogo ake zikuwoloka madzi mphuno zili m'mwamba. Ankakumbuka mng'ono wake Muyoba akumukoka chitenje kuti amubereke, ndi mawu a amayi ake akuitana kuchokera kudimba. Ankapukwa kwambiri. Koma angauze ndani, anthu akumuchitira zabwino chotere? Ankaopa kuoneka wosayamika.

Lamlungu masana linali tsiku la foni. Kumudzi kuja netiweki imapezeka pa chulu chimodzi chokha, ndipo ba Lonah ankakwera pamenepo akachoka ku tchalitchi. Tsiku limenelo Mbaita anangoyankha kuti "Eni sha, eni sha," kuvomera mwaulemu m'Chilozi, kenako anapereka foni n'kulowa kuchipinda.

"Audrey," anatero ba Lonah m'chilankhulo cha kwawo, "ameneyo si mwana wanga. Mwana wanga amalankhula mpaka kumuletsa. Mukumutani?"

"Akulu anga, ndikulumbira, sagwira ntchito ina iliyonse. Amadya zabwino, amagona pa bedi."

"Sindikukunena. Koma mawu ake ndawamva. Sukulu ikatsekera mu April ndikubwera ndi chikwama. Ndikamupeza ali chonchi, ndikumutenga, ndipo sabweranso. Bola mwana wosaphunzira koma wamoyo."

Foni inaduka. Ba Audrey anatsala ndi foni m'manja. Ankadziwa bwino tanthauzo lake. Mbaita akabwerera kumudzi, sukulu yatha. Mabuku aja adzasanduka oyatsira moto, ndipo mlandu udzakhala wa iwo, amene analumbira kuti mwana ameneyu adzafika kumene iwo sanafike.

Mtima ukawawa, ba Audrey amathamangira ntchito. Anatenga khasu n'kupita kuseri kwa nyumba kukalambula. M'mbali mwa khoma, pafupi ndi mpopi, panali titsamba tating'ono tamera mu mzere. Anatizula tonse, phwi phwi, n'kutiponya pa mulu wa zinyalala.

Kumbuyo kwawo kunamveka kapu ikugwa.

Anali Mbaita, ataima pa kona, madzi atatayikira pa mapazi ake. Anayang'ana dothi lopanda kanthu lija, anayang'ana mulu uja, kenako analira. Sanalire kobisa ngati masiku onse. Analira mokweza, pakamwa yasa, ngati pamaliro.

"Iwe, ni udzu chabe! Ni chani kansi?"

Mbaita anagwada n'kuyamba kutola titsamba tija kamodzikamodzi. Pamenepo m'pamene ba Audrey anaona kuti timapesi take tinali tofiira. Anatola kamodzi, anathyola katsamba n'kukaluma. Kuwawasa kwake kunawalasa mpaka m'makutu.

Sindambi! Ndiwo za kwawo, zimene ena amati chidede. Zaka khumi ndi chimodzi zinali zitadutsa ba Audrey osaponda kumudzi, ndipo ankadziuza kuti sakusowako chilichonse. Koma katsamba kamodzi kokha kanawabwezera khonde la malemu amayi awo, nsomba zouma zili pa thandala, mphepo ya kumadzi ikuwomba madzulo. Anakhala pansi pa dothi pomwepo.

"Bo ma ananimangira njere pa nsonga ya chitenje," anatero Mbaita akusisima, kunena amayi ake. "Ninali kuthirira m'mawa mukalibe kuuka. Munati nisagwire nchito."



M'mawa mwake sanatsegule shopu. Anamutenga mwana kupita naye ku kiliniki. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Magazi anali otsikirako pang'ono, koma osati moopsa. Kenako anawatumiza ku kachipinda ka achinyamata, kwa ba Agatha, namwino wa thupi lake ndi kuseka kwake, wochokera ku Katete. Ba Agatha anayamba kucheza ndi Mbaita payekha, ba Audrey akudikira pa benchi panja. Patapita nthawi chitseko chinatseguka.

"Lowani, amayi. Mwana wavomera kuti tikambirane tonse atatu. Tandiuzani tsiku lake, kuyambira m'mawa mpaka kugona."

Apa ba Audrey anawongola msana, poti apa analibe mlandu. Anafotokoza za takisi, za soseji, za sofa ndi TV, ndiponso kuti mwana sagwira kanthu kalikonse.

"M'mawa amadya chiyani?"

"Amakana. Ati alibe njala."

"Amagona nthawi yanji?"

"Nthawi imene afuna. Sitimuvutitsa."

"Mnzake ndani?"

"Mnzake? Alibe."

Ba Agatha anatembenukira kwa Mbaita. "Nanga kwanu, mwanawe, tsiku linkayenda bwanji?"

Poyamba mawu ankatuluka movuta, koma pang'onopang'ono anamasuka. Ankadzuka dzuwa lisanatuluke, kusesa pabwalo, kuthirira kadimba kake. Ankadya phala, n'kuyenda ndi anzake anayi kupita ku sukulu, akuimba njira yonse. Masana ankatunga madzi, kusewera mpira wa manja, kumusambitsa Muyoba. Kukada ankacheza pang'ono ndi amayi ake, ndipo tulo tinkamupeza asanamalize n'komwe nkhani. Ba Audrey ankangomuyang'ana. Chibwerereni mwana ameneyu anali asanalankhulepo mawu ambiri chotere.

"Mwamva?" anatero ba Agatha. "Mwana uyu matenda a mapiritsi alibe. Akupukwa. Kupukwa si matenda, ndipo si kusayamika. Munthu aliyense amene wasiya kwawo amapukwa. Ine ndinalira chaka chathunthu nditabwera kuno, kulirira mapiri a ku Katete, chonsecho ndinali munthu wamkulu kale. Koma mwana wa msinkhu uwu chimene chimamugwira kuti asagwe ndi tizinthu ta tsiku ndi tsiku: kudzuka nthawi imodzi, kudya m'mawa, kuyenda mpaka thukuta, kantchito kake kake, mnzake woseka naye, munthu womumvetsera, ndi tulo tokwanira. Kwawo anali nazo zonsezi. Kuno mwamuchotsera zonse tsiku limodzi."

"Ba sista, ine ninafuna chabe kuti asavutike monga ine," anatero ba Audrey. Anafotokoza za matewera aja, za sukulu imene sanaione.

Ba Agatha anawagwira dzanja. "Zimene anakuchitirani zinali nkhanza, ndipo mwachita bwino kulumbira. Mwana wogwira ntchito mpaka kujomba ku sukulu, wodya zotsala, wogona mochedwa chifukwa cha mbale za anthu, ameneyo akuzunzidwa, ndipo tikamva timalowererapo. Koma mwana wosesa pakhomo pawo n'kuthirira dimba lake, imeneyo ndi nkhani ina. Tandiuzani, pakhomo ndani amene saloledwa kugwira tsache?"

"Mlendo."

"Eya. Ndipo akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu tsiku lililonse mukamulanda mbale, mwana akumva kuti pano si pake, ndi wongodutsa. Ndiye mtima wake ukhazikike bwanji?"

Ba Audrey anaweramitsa mutu. Misozi inagwera pa chitenje.

"Musalire, simunachedwe. Yambani pang'onopang'ono. Ndipo mukaona kuti masabata awiri atatu adutsa osasintha, kapena wasiyiratu kudya, kapena akulankhula zotopa ndi moyo, musadikire, mubwere naye tsiku lomwelo. Iwe Mbaita, Lachisanu lililonse masana timakumana pano ndi anzako. Ndikufuna ndidzakuone."

Pobwerera sanaimbire ba Kufekisa. Anayenda wapansi, dzuwa la ku Livingstone likuwotcha pa liwombo. Atafika pa mthunzi wa mtengo wina, ba Audrey anaima n'kufunsa m'Chilozi, koyamba chibwerereni mwanayo:

"Njere zija zinatsalako?"

Mbaita anadzidzimuka kumva ba anti ake akumulankhula m'chilankhulo cha kwawo. "Zatsala khumi ndi zinayi."

"Mawa ukadzale. Khasu lili kuseri kwa chitseko. Ndi lako."

Musaganize kuti zinthu zinasintha tsiku limodzi. Amene anavutika kwambiri sabata yoyamba anali ba Audrey. Kumva tsache likulira pabwalo m'mawa, manja ankawayabwa, ndipo kawiri konse anapezeka atafika kale pakhomo kuti akalande. Ba Kufekisa ndi amene ankawakoka.

"Iwe Audrey, nkhala pansi. Mwana asesa pa nyumba pake, si ku lodge."

Iwonso ba Kufekisa anali ndi vuto lawo. Tsiku loyamba limene Mbaita anayenda wapansi kupita ku sukulu, bambo wamkulu ndi ndevu zake anamutsatira chapatali ndi takisi, pang'onopang'ono ngati galimoto ya maliro, mpaka oyendetsa anzake anayamba kumuimbira mahutala.

Mbaita ankayenda ndi Chuma, mtsikana wa Chitonga wa kuseri kwa mpanda uja, wa kalasi imodzi naye. Kwa mwezi wathunthu ana awiriwa ankalekanitsidwa ndi njerwa zokha, osadziwa kuti ndi oyandikana nyumba. Chuma anali wolongolola ngati wailesi. Ankamuseka Mbaita akalakwitsa Chinyanja, Mbaita n'kumubwezera pomuphunzitsa mawu a Chilozi amene lilime la Chuma linkakana. Pofika pa geti onse awiri anali ndi fumbi m'miyendo.

Panyumba anagwirizana zochepa chabe. Phala m'mawa, ngakhale masipuni asanu. Akaweruka, kupuma pang'ono, ola limodzi la mabuku, kenako kunja. Chakudya chamadzulo kudyera pamodzi, TV itazimitsidwa, ndipo nthawi imeneyo Chilozi chinali chololedwa. Nthawi yogona inali imodzi tsiku lililonse. Pa chakudyapo ba Audrey anayamba kufunsa za kumudzi. Kodi mtengo uja wa pa doko ulipobe? Nanga ba Inambao, opala mabwato, akali moyo? Mbaita ankayankha, nthawi zina akuseka, nthawi zina misozi ili m'maso, ndipo panalibenso womuuza kuti aleke kulira. Masiku ena olira anali awiri.

Njere zisanu ndi zitatu anadzala, zisanu ndi imodzi anasunga. Zinamera zisanu ndi ziwiri. Mvula inali itadula, choncho ankathirira ndi madzi otsukuluzira mbale, m'mawa ndi madzulo.

Kenako linafika tsiku loipa, monga amafikira masiku oipa, vuto lili ndi linzake kumbuyo. Lachitatu lina Mbaita anabwera ndi pepala la masamu atalakwa kuposa theka. Polowa kuseri kuti akaone mbewu zake, anapeza nkhuku za oyandikana nawo zitapalasa dimba lonse. Panalibe ngakhale kamodzi koimirira.

Ba Audrey atabwera ku msika anamupeza atakhala pa sitepe, pepala lili m'manja, maso atatupa. Anaganiza kuti basi, tabwerera pomwe tinayambira. Anatsala pang'ono kunena kuti, "Zisiye, mwana wanga, nizakugulira sindambi ku msika." Koma anakumbukira ba Agatha, anameza mawuwo, n'kukhala naye pa sitepe.

"Chikuwawa, eti?"

"Chiniwawa, ba anti. Nifuna kuyenda kwathu. Nifuna bo ma."

"Niziwa. Na ine nimafuna amayi anga, olo kuti anamwalira kale."

Kenako ba Audrey anafunsa, "Kumudzi madzi akamiza dimba, amayi ako amachita bwanji?"

Mbaita anapukuta mphuno. "Amayembekeza madzi aphwe. Amadzalanso."

"Chaka chilichonse?"

"Chaka chilichonse."

Madzulo amenewo anadya pang'ono n'kukagona pa nthawi yake. M'mawa ba Audrey anadzutsidwa ndi kulira kwa khasu. Anasuzumira pa windo. Mbaita anali atagwada, akuika m'dothi njere zisanu ndi imodzi zomaliza zija. Madzulo ake iye ndi Chuma anazika timitengo kuzungulira dimba, ndipo ba Audrey anabweretsa thumba la zidutswa za nsalu za ku shopu. Anazilumikiza pa makina n'kupanga mpanda. Unali mpanda wa mitundumitundu, wamaluwa apa, wa yunifolomu ya kwaya apo, moti odutsa ankaima n'kuseka. Koma nkhuku sizinalowenso. Pepala la masamu lija Mbaita analitengera yekha kwa aphunzitsi, n'kupempha kuti amuonetse pamene anasokonezera.

Masabata anapita. Mutu unasiya kuwawa. Chola chinayamba kubwera chopanda kanthu, ndipo tsiku lina ba Kufekisa anadandaula kuti buledi m'nyumba muno akutha ngati muli asilikali. Lachisanu Mbaita ankapita kwa ba Agatha, Chuma ali pambuyo. Kupukwa sikunathe ayi. Lamlungu lililonse akatha kulankhula pa foni ankapita kuseri, n'kukhala pafupi ndi sindambi wake kwa kanthawi. Koma pambuyo pake ankadzuka, kusamba m'maso, n'kukaitana Chuma pa mpanda.

Sukulu inatsekera Lachisanu. Loweruka ba Lonah anatsika basi, atatopa ndi msewu, atanyamula nsomba zouma ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu. Ba Audrey atachiona chikwamacho anakumbukira mawu a pa foni aja.

Mbaita anathamanga n'kuwagwera amayi ake m'khosi. Kenako anakumbuka mwambo, anagwada n'kuwomba m'manja. Anayamba kulankhula asanalowe n'komwe m'nyumba: za Muyoba, za ng'ombe, za Chuma, za nkhuku, za ba Kufekisa ndi takisi yawo ya maliro. Ba Lonah ankangomuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Masana Mbaita anathyola masamba a sindambi, anaphika yekha ndi nsomba zija. Ba Lonah analawa, anasiya kutafuna.

"Uyu mwagula kuti?"

"Ndi njere zanu zija, bo ma. Zomaliza."

Anawatengera kuseri kukawaonetsa. Mitengo isanu yofiira, yofika m'mawondo, mkati mwa mpanda wa zigamba. Ba Lonah anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, n'kulankhula mosazungulira monga mwa khalidwe lawo.

"Mwana wanga, ndabwera ndi chikwama. Usaope munthu, usachite manyazi ndi ba anti ako. Ukafuna, longedza zonse, tipite, ndipo subweranso kuno. Ukusowa kwanu kapena ayi?"

Ba Audrey anagwira khoma.

"Ndimakusowani tsiku lililonse, bo ma," anatero Mbaita. "M'mawa ndikadzuka ndimayamba kuganiza za inu. Ndikuganiza kuti sizidzatha. Ndipita nanu, ndikamuone Muyoba. Koma chikwama chachikulucho ayi. Nditenga kachikwama kanga kaja. Sukulu ikutsegulira mwezi wamawa, ndipo masamu ndayamba kuwamva."

Ba Lonah anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mng'ono wawo. Anapinda chikwama chija kanayi n'kuchikhalira ngati mpando.

"Audrey, wamupatsa mankhwala anji?"

"Tsache, akulu anga," anayankha ba Audrey, akuseka ndi misozi yomwe. "Tsache ndi khasu."

Lolemba m'mawa, asanapite kokwerera basi, Mbaita anawaitanira ba Audrey kuseri n'kuwapatsa malamulo ngati kapitawo. Kuthirira kawiri pa tsiku. Kuthyola masamba a m'munsi okha. Mtengo wa pakona osaugwira, ndi wa njere.

"Ndipo ba anti, musazule."

"Iwe mwana, choka apa!"

Mbaita anathamangira m'nyumba akuseka, n'kutuluka ndi siketi ya sukulu ija. Anaiika m'manja mwa ba Audrey.

"Yanithina. Muniikonzere nikalibe kubwera."

Basi itanyamuka, ba Audrey anapita ku shopu yawo ku Maramba. Panali madiresi atatu a ukwati odikira, koma anawakankhira pambali. Anayala siketi ija pa mawondo, anapeza misoko iwiri imene anabweza ndi manja awo omwe, n'kutenga kalezala. Anayamba kuiphwasula, ulusi umodziumodzi, osafulumira. Mayi wa shopu yoyandikana anasuzumira n'kufunsa chimene chikuwaliza m'mawamawa.

"Palibe," anatero ba Audrey. "Mwana wanga wanenepa."

Makolo ndi onse olera ana, nkhani ya Mbaita ndi ya makomo ambiri. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, khumi ndi zitatu kapena khumi ndi zinayi amakumana ndi zosintha zambiri: sukulu yatsopano, malo atsopano, thupi latsopano. Sitingamuchotsere mavuto onse, ndipo tikayesa kutero timamufooketsa. Chimene tingamupatse ndi tsiku loyenda bwino: adye m'mawa, ayende ndi kusewera, akhale ndi kantchito koyenera msinkhu wake kosamulepheretsa sukulu, akhale ndi anzake, agone pa nthawi yake. Akapukwa kapena akalephera, tisamuletse kulira, tikhale naye, timumvetsere, kenako timulole ayesenso yekha. Tikaona akuwonda, akudzipatula kapena wasiya kulankhula, tisadikire, tipite naye ku kiliniki. Ndipo mwana amene tamutenga kuti timulere tisamusandutse wantchito, komanso tisamusandutse mlendo. Akhale mwana wa pakhomo.